ZA ZIWETO ZATHU: Mlonda wa miyendo inayi akacekeka kuphazi

Aliyense wodutsa mumsewu wa Alick Nkhata, m'mbali mwa Kalingalinga, amaona nchito ya manja ya anthu a m'komboni imeneyi: mafelemu a zitseko ndi mazenera, mageti acitsulo, mabedi, ndi milu ya miyala yophwanyidwa ndi nyundo. Nchito imeneyi idyetsa mabanja ambiri ndipo palibe amene angainyoze. Koma dzuwa likalowa pansi pamatsala tizidutswa ta malata, misomali, waya ndi tizibenthu ta miyala takuthwa ngati lumo, kuwonjezera pa mabotolo osweka amene sasowa m'ngalande zathu. Munthu amapondapo atavala nsapato. Galu alibe nsapato. Sabata ino, awerengi okondedwa, tikambirana za galu amene wabwera kunyumba akutsimphina, akusiya madontho a magazi pakhonde.

Tembenuzani phazi la galu wanu mulione. Pansi pa zala pali timinofu tinayi tolimba, ndipo pakati pali mnofu umodzi waukulu. Kunja kwace ndi khungu lokhuthala koposa khungu lina lonse la thupi lace, koma mkati muli mafuta ndi mitsempha yambiri ya magazi. Ndico cifukwa cace bala laling'ono la pamenepa limakha magazi oopsa mtima. Dziwaninso kuti miyendo yakutsogolo imasenza pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a kulemera kwa galu. Nthawi iriyonse pamene aponda pansi, mnofu uja umaphwatalala ndipo milomo ya bala imayasama. Bala la pamsana limapola galu akuyenda. Bala la kuphazi limang'ambika ndi kuyenda komweko.

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti galu ali ndi mankhwala m'lilime lace, ndipo kuti akavulala timsiye adzinyambite. Zoonadi, kunyambita kumacotsa dothi poyamba. Koma galu sadziwa polekera. Amanyambita usiku wonse, nacotsa nkhanambo imene inayamba kuuma, nalowetsamo tizirombo ta m'kamwa mwace, kamwa lomwe linali kudzala masana. Bala limene likadauma m'masiku 10 limasanduka cironda ca mwezi wathunthu.

Musanagwire phazi, yambani mwamanga kamwa. Galu womva ululu aluma ngakhale mwini wace amene amampatsa nsima tsiku ndi tsiku. Tengani kansalu kotalika, kulungani pakamwa pace mosafinya mphuno, ndi kumanga mfundo kumbuyo kwa makutu; wina amgwire thupi, ndipo ana akhale patali. Ngati galuyo si wanu, kapena simudziwa ngati anabayidwa katemera wa ciwewe, musamgwire konse, itanani odziwa. Lamulo la dziko lathu lifuna kuti agalu azibayidwa katemera ameneyu, ndipo mukalumidwa tsukani pamenepo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndi kupita kucipatala tsiku lomwelo.

Tsopano tsukani bala. Wiritsani madzi okwana theka la lita, sungunulanimo mcere wodzaza kasupuni kamodzi ka tiyi, ndi kuwasiya azizire. Thirani pabala kufikira mcenga wonse utacoka. Munga kapena kabenthu ka botolo kooneka pamwamba mungakazule. Koma cinthu cimene calowa mkati ndithu musacikoke, pakuti mungatsegule mtsempha. Pindani nsalu yoyera, ikani pabala ndi kukanikiza mwamphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira. Kusuzumira kawirikawiri ndiko kumalepheretsa magazi kuundana.

Pali "mankhwala" ena amene amachuka m'makomboni athu, ndipo ndiyenera kuwachula maina: oilo wakuda wa galimoto, madzi a m'batire, palafini ndi phulusa. Zonsezi zimaocha mnofu wamoyo umene uyenera kumera, ndipo galu akazinyambita zimamdwalitsa m'mimba. Cimodzimodzinso mapiritsi athu oletsa ululu. Brufen ndi Diclofenac zimacititsa zironda m'cifu ca galu ndi kuononga impso zace, ndipo ngakhale Panado asapatsidwe popanda mlingo wonenedwa ndi dotolo wa zinyama. Cifundo ca mtundu umenewu capha agalu amene bala lokha silikadawapha.

Kodi ndi liti pamene muyenera kupita naye kwa dotolo? Ngati magazi sakuleka patapita mphindi 15, ngati bala layasama kotero kuti mafuta a mkati aoneka, ngati mnofu wasendeka nulendewera, kapena ngati galu akana kotheratu kuponda pansi, musadikire mawa. Bala lofuna kusokedwa limasokeka bwino likali latsopano. Pa cimeneci anthu a ku Kalingalinga ali ndi mwayi umene ambiri alibe. Sukulu ya madotolo a zinyama ya pa Yunivesite ya Zambia, yochedwa ndi dzina la Samora Machel, imene inayamba mu 1983 ndipo nyumba zace zinamangidwa ndi cithandizo ca dziko la Japan, iri pamtunda woyenda pansi, ndipo iri ndi cipatala colandira ziweto za anthu. Nkomvetsa cisoni kuti ena amaganiza kuti cipatala cotere ndi ca agalu a kumayadi okha. Galu wa m'komboni amamva ululu mofanana.

Bala laling'ono mungalisamale panyumba. Ikani kathonje pakati pa zala, kulungani bandeji phazi lonse kuyambira kuzala kukwera mpaka kupitirira pang'ono mfundo yoyamba ya mwendo, molimba mokwanira kuti isavuke koma mosafinya. Mukaona mwendo watupa pamwamba pa bandeji, kapena galu akuvutika nayo kwambiri, masulani msanga. Sinthani tsiku liri lonse, ndiponso nthawi iriyonse ikanyowa. M'nyengo ya mvula, kuyambira November kufikira April, pamene tinjira ta m'komboni timasanduka matope, mvekeni kapulasitiki kuphazi potuluka kukadzithandiza, ndi kukavula akangobwerera. Mukakasiya, phazi limabiba thukuta, pakuti galu amatulutsira thukuta kumapazi. Kuti asatafune bandeji, boolani pansi pa kandowa kakale ka pulasitiki, salazani m'mphepete mwace, ndi kumveka m'khosi kukamwa kwa ndowa kutaloza kutsogolo. Adzaoneka woseketsa, ndipo ana a oyandikana nawo adzabwera kudzaonerera, koma phazi lidzapuma.

Pogona pace pakhale pa simenti kapena pa thumba loyera, pamthunzi, madzi akumwa ali pafupi. Musamsiye pa dothi lonyowa ndi mkodzo. M'dothi lotere ndimo nchenche ya putsi imaikira mazira, ndipo mphutsi zace zimaboola khungu la galu wogonapo. Fungo loipa, mafinya, kutupa kapena kukana cakudya ndi zizindikiro zakuti bala lalowa tizirombo. Pamenepo nchito ya panyumba yatha, ya dotolo yayamba.

Tafika tsopano pamene eni agalu ambiri amagwera. Galu wa m'komboni sasungidwa cifukwa ca kukongola. Iye ndi mlonda. Pakapita masiku anayi kapena asanu amaleka kutsimphina, amayamba kuuwa ndi kudumpha pa cheni, ndipo mwini nyumba, pokumbukira nkhuku zace ndi zovala zimene zinabedwa pacingwe caka catha, amammasula usiku kuti azungulire mpanda. M'mawa khonde liri magazi okhaokha, ndipo kuwerenga masiku kumayambiranso pa tsiku loyamba. Galu sanganene kuti sanacire. Iye akamva mapazi a munthu kuseri kwa mpanda adzathamanga, bala kapena popanda bala. Woyenera kumganizira ndinu. Ndipo musaiwale kuti mbala imaopa mawu a galu isanaone mano ace. Womangidwa pakhonde amauwa mofanana ndi womasulidwa.

Kukalika kwa pamwamba kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Bala lakuya kapena losokedwa limafuna masabata awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira, ndipo ulusi ucotsedwe pa tsiku limene dotolo wanena. M'masiku onsewa galu atuluke ali pacingwe, kukadzithandiza basi. Bala likatseka mudzaona khungu latsopano lofiirira, losalala ngati la mwana wakhanda. Limenelo silinakhale nsapato ayi. Limafuna masabata ena kuti likhuthale ndi kukhakhala monga linzace, ndipo limakhwima ndi kuyenda pang'onopang'ono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi mphindi 5, kawiri pa tsiku, pa udzu kapena dothi lofewa losesedwa bwino. Mukabwerera yang'anani phazi. Ngati silinafiire, silinang'ambike ndipo galu satsimphina m'mawa mwace, onjezani mphindi zina 5 pakapita masiku awiri kapena atatu. Ngati latsegukanso, bwererani m'mbuyo, osati kutsogolo. Miyala yophwanyidwa, phula ndi kuthamangitsana ndi agalu anzace zibwere pomalizira peni peni, atayenda theka la ola popanda vuto kwa masiku angapo. Popeza sakuyenda monga kale, cepetsaniko pang'ono cakudya cace, pakuti kunenepa kumaonjezera katundu pa phazi lodwala.

Amene galu wao acira m'mwezi wa October asamale koposa. Phula la mumsewu ndi malata ogona pansi zimatentha mokwanira kusupula ngakhale phazi labwinobwino. Ikani kumbuyo kwa dzanja lanu pansi ndi kuwerenga kufikira 7. Ngati simungapirire, galunso sangapirire, ndipo ulendo udikire m'mamawa kapena madzulo. Usiku woyamba wommasula, tengani tsache dzuwa lisanalowe, ndi kuzungulira m'mbali mwa mpanda monse mmene iye amakonda kuthamanga.