Mbewu ya Nandolo Tisamaisakanize

Achikumbi anzathu, akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu. Mwambiwu ndi woona, koma pa nkhani ya mbewu uli ndi pena pobisika pamene mlimi aliyense ayenera kupadziwa, chifukwa ambiri amataya ndalama pamenepo.

Amene anapaulula ndi Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, m'dziko limene lero likutchedwa Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 iye ankakwatitsa nsawawa m'dimba, kutenga mungu wa duwa lina ndi kuupaka pa duwa lina. Atakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana onse anatuluka aatali. Koma atabzala njere za anawo, panamera mbewu 787 zazitali ndi 277 zazifupi, ndiko kuti pa zinayi zilizonse imodzi inali yaifupi. Ufupi uja sunafe ai, unangobisala. Mendel anasindikiza zimenezi mu 1866, koma anthu anazilabadira mu 1900, iye atamwalira kale.

Phunziro lake ndi ili: njere imatenga khalidwe kwa makolo onse awiri, ndipo khalidwe lina limabisala kenaka n'kudzatulukira mwa zidzukulu. N'chifukwa chake chimanga cha haibulidi chobwereza kubzala chimatuluka chosiyanasiyana. N'chifukwa chakenso akatswiri akakwatitsa mbewu amakhala zaka zambiri akusankha ndi kutaya, mpaka mtunduwo utakhazikika.

Kuno kwathu ntchito yotere yatithandiza pa nandolo. Matenda ofota, amene amakhala m'nthaka, ankaumitsa nandolo wambiri ku Chigawo cha Kummwera. Mu 1987 panatulutsidwa mtundu wopirira matendawa wotchedwa Sauma, ndipo pambuyo pake panabwera Kachangu ndi Mwaiwathu Alimi, kudzera m'ntchito ya akatswiri a boma pamodzi ndi bungwe la ICRISAT.

Tsono vuto lili apa. Duwa la nsawawa limadzibereketsa lokha, koma la nandolo limakopa njuchi, ndipo njuchi sizidziwa malire a munda. Mlimi akabzala mtundu watsopano moyandikana ndi wamakolo, mitundu iwiriyo imakwatirana. Chaka choyamba saona kanthu. Akapitiriza kusunga mbewu yomweyo, amayamba kuona mitengo ina ikufota, ina ikuchedwa kukhwima, njere zikutuluka zamawangamawanga. Pamenepo amati mbewu yatsopano ndi yabodza, pomwe yangosakanizika. Pa msika napo, ogula amafuna nandolo wa njere zofanana kukula ndi mtundu, ndipo thumba losakaniza silikopa mtengo wabwino.

Ena amati mbewu yovomerezeka ndi yodula, ndipo sakunama. Koma mbewu yolowa m'ekala imodzi ndi yochepa poyerekeza ndi zokolola zimene zimatayika munda ukafota. Enanso amati nandolo wamakolo ndi wokoma ndiponso wozolowera nthaka yathu. Nawonso akunena zoona, ndipo sitikuti atayidwe. Akatswiri amatenga makhalidwe abwino ku mbewu zamakolo zomwezo. Chimene tikukana ndi kusakaniza.

Choncho tichite izi. Munda wotengamo mbewu ukhale kutali ndi nandolo wa mtundu wina, ndipo ngati minda ili yothithikana, gwirizanani ndi anzanu kubzala mtundu umodzi. Zulani mitengo yooneka yachilendo isanachite maluwa. Kololani, menyani ndi kusunga mtundu uliwonse paokha, thumba lililonse lilembedwe dzina. Pakapita zaka zochepa gulaninso mbewu yovomerezeka.

Eni maesiteti nawonso anali ndi udindo. Tenanti ankabzala chimene wapatsidwa, ndipo akapatsidwa mbewu yosakaniza pa ngongole, sichinali chilungamo kumudzudzula pa nthawi yogula. Ankayenera kupatsidwa mbewu yodziwika dzina ndi kumene yachokera.

Za mtunda woyenera pakati pa minda ndi mtundu wogwirizana ndi dera lanu, funsani Mlangizi wanu nthawi yobzala isanafike.