ZA CHILENGEDWE: Namzeze sasochera njira

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, anamzeze amandandalika pa mawaya m'mbali mwa msewu wochokera ku Moatize kukafika ku Zóbuè. Munthu wopita ku Mwanza amaima pamzere chitupa chili m'manja, koma mbalamezi zimangodutsa malire mlengalenga.

Ambiri mwa anamzeze a m'dzinja ndi alendo ochokera ku Ulaya ndi ku Asia, mtunda woposa makilomita 7,000, ndipo amabwerera kwawo mu Marichi ndi Epulo. Umboni wake unaoneka mu 1912, pamene namzeze amene anamuveka kamphete kumwendo ku England mu 1911 anapezeka ku Natal.

Nanga njira amaidziwa bwanji? Mbalame zoyenda maulendo ataliatali zimayang'ana dzuwa ndi nyenyezi, komanso zimamva mphamvu ya maginito ya dziko, yomwe ija imatembenuza singano ya kampasi. Mu 1978 katswiri wa ku Germany, Klaus Schulten, anati chinsinsi chake chili mu quantum physics, maphunziro a tinthu tochepetsetsa monga ma electron. Mu 2000 iye ndi anzake anawerengera masamu ake, naloza kanthu kena ka m'diso la mbalame kotchedwa cryptochrome.

Masamuwo akuti kuwala kukalowa m'diso, electron imodzi imadumpha n'kusiya inzake. Ziwirizi zimatalikirana koma zimachitabe zinthu mogwirizana, ndipo kachitidwe kake kamasintha malinga ndi kumene mutu wa mbalame waloza. Motero mbalame imazindikira mzere wa kumpoto ndi kumwera ngakhale kuli mitambo.

Zonsezi zinayambira papepala. Mu 2021 akatswiri a ku Oxford ndi ku Oldenburg anayesa cryptochrome ya kambalame ka ku Ulaya kotchedwa robin, napeza kuti imamvadi maginito. Chatsala n'kutsimikiza zimenezi m'diso la mbalame yamoyo.

Tsono anyamata a malegeni ndi ulimbo aganize bwino. Namzeze amalemera magalamu pafupifupi 20, sakwana n'komwe ndiwo za mwana mmodzi, pamene ali moyo amatha tsiku lonse akudya ntchentche ndi tizilombo tina touluka m'minda ndi m'makola. Makolo awauze ana kuti amusiye. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.