Asakudyetseni ngongole ya madola pa malipiro a anyamata atatu

Abale anga a geni, inu a ku Limbe, a mu Lizulu, a ku Taifa Market ndi kwina konseko, sabata ino tikambe za kompyuta. Musathawe ayi, nkhaniyi ndi ya m'thumba mwanu.

Geni ikangokula pang'ono, mwalemba mnyamata wa pa kauntala, mtsikana wa pa shopu yachiwiri ndi mlonda, pamabwera munthu wa tayi ndi laputopu kukhwapa. Ati bwana, masiku ano malipiro sawerengera pamanja, gulani pulogalamu. Amakuonetsani mmene imatulutsira pepala la malipiro lokongola, dzina la shopu yanu lili pamwamba. Mtima umangoti myaa. Chomwe sanena mokweza n'chakuti chinthucho simukugula ayi, mukuchita lendi.

Kale pulogalamu unkagula kamodzi, n'kukhala yako ngati sikelo. Pano makampani akuluakulu anasintha. A Intuit a ku America, eni ake a QuickBooks, kuyambira ndi mtundu wa 2022 wa QuickBooks Desktop Pro ndi Premier anayamba kulipiritsa chaka ndi chaka. Mapulogalamu a pa intaneti, kaya a Sage kaya a Xero, nawo ndi a mwezi ndi mwezi. Ambiri owerengera malipiro amaonjezeranso kandalama pa mutu uliwonse, ndiye mukalemba wantchito wina, bilu nayo imakwera.

Tsono mitengo yakeyo imachokera kunja, m'madola kapena m'marandi, pomwe inu mumagulitsa m'makwacha. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Tiyerekeze kuti pulogalamu yanu ndi ya madola 20 pamwezi. Dzulo lake inali K23,600, m'mawa mwake K34,000, mwini wake ku America asanakweze olo senti imodzi. Akakwezanso iyeyo ndiye mwamenyedwa kawiri. Nanga dolayo mukaipeza kuti? Amene mumaoda katundu ku Joni ndi ku Dar mukudziwa mtengo weniweni wa dola, sindikuphunzitsani.

Funso langa ndi ili: pulogalamuyo ikukugwirirani ntchito yanji kwenikweni?

Pakutha pa mwezi masamu ake ndi ochepa. Pali malipiro amene munagwirizana, pali adivansi imene munthu anatenga pakati pa mwezi, pali msonkho wa PAYE wopita ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Kwa amene lamulo la penshoni likukukhudzani, bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Basitu. Komanso pali ndalama zoyambirira zimene sizidulidwa msonkho. Mu April 2024 boma linakweza malirewo kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000. Pa malamulo a chaka chimenecho, wolandira K200,000 ankadulidwa 25 peresenti pa K50,000 yapamwambayo, kutanthauza K12,500. Wolandira K140,000 sankadulidwa kanthu. Ndiye taganizani, anyamata anu onse atatu ali pansi pa malire, msonkho wao ndi ziro, koma inu mukulipira madola mwezi ndi mwezi kuti makina akuuzeni kuti ziro. Kumeneko n'kuchita hayala lole kukanyamula dengu limodzi la tomato.

Choipa china, mapulogalamu ambiri akunjawa anawapangira misonkho ya kwao. Manambala a ku Malawi amafunika munthu woti awalowetse, ndipo bajeti ikasintha, munthuyo mumuitanenso. Sabwera ulele.

Njira yotchipa ilipo, ndipo si yamanyazi. Amene muli ndi kompyuta, LibreOffice Calc ndi yaulele, sifuna intaneti ikangolowa m'makina, ndipo imatsegula mafayilo a Excel. Amene muli ndi foni yokha, Google Sheets nayo salipiritsa, mungoonongapo kabandulo. Pezani wodziwa za maakaunti akukonzereni tebulo kamodzi: dzina, malipiro, adivansi, msonkho, penshoni, zotsala. Mulipireni kamodzi, osati kumukwatira. Nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, pitani ku ofesi ya MRA mukatenge manambala atsopano, musinthe mzere umodziwo. Apa pokha musachitepo ulesi, chifukwa tebulo la chaka chatha likhoza kukudulitsani munthu ndalama zolakwika, ndipo wolipira chindapusa mudzakhala inu, osati kompyuta.

Opanda zonsezi, buku lachikuto cholimba ndi kalikuleta zikukwanirani. Magetsi akathima buku silithima. Chachikulu n'chakuti wantchito aliyense akhale ndi tsamba lake, asayine akalandira, asayinenso akatenga adivansi, ndipo mum'patse kapepala kosonyeza zimene mwadula. Mukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga uja musafufute, lembani nambala yake m'bukumo. Tsiku limene mudzakangane n'kukafika ku leba, sadzakufunsani kuti pulogalamu yanu ndi ya dziko liti. Adzati umboni uli kuti kuti munthuyu munamulipira mwezi wa June.

Awo ogulitsa mapulogalamu obera pa fulashi, ati K5,000 yokha bwana, asiyeni apite. Zambiri zimabwera ndi mavairasi, ndipo tsiku likadzafa palibe koti mukadandaule.

Sindikuti mapulogalamu olipira ndi achabe. Munthu wa holoselo wa antchito 30, mashifiti, maovataimu ndi ngongole za antchito, ameneyo agule ndithu, nthawi imene angapulumutse ndi ndalama. Koma afunse kaye zinthu zitatu asanasayine: mtengo uli m'makwacha kapena m'madola, misonkho ya kuno akasintha amakonza ndani ndipo pa mtengo wanji, nanga nditasiya kulipira zolemba zanga ndizitenga bwanji.

Funso lachitatulo ndi limene limaluma. Inu amene mwatopa kale ndi bilu ndipo mukufuna kusiya, musangodula lero. Yambani mwatulutsa zolemba za miyezi yonse, muzisunge mu Excel, zina musindikize pa pepala muike mu fayilo. Mwezi umodzi yendetsani zonse ziwiri, pulogalamu ndi tebulo lanu, muone ngati manambala akufanana. Akafanana, mwezi winawo auzeni a tayi aja kuti zikomo.