Mwana Akachotsedwa pa Mpikisano wa ku Sukulu

Amayi anzanga a m'midzi ndi m'matauni, sabata ino tikambirane za ana athu amene akuphunzira za kompyuta. Kuli mipikisano ya ana asukulu yokonza masamba a pa intaneti. Ana amakhala m'magulu, atatu kapena anayi, nalemba nkhani, naikamo zithunzi, natayirapo masabata ambiri. Tsono zimachitika kuti pa tsiku la zotsatira gulu lina liuzidwa kuti ntchito yake siinawerengedwe n'komwe chifukwa linaphwanya lamulo. Kugonja n'kowawa, koma kuchotsedwa kumaposa pakuti kumadza ndi manyazi. Mwana afika pakhomo maso ali psuu, nsima aikana, mawu ake ndi amodzi: "Oweruza anakondera."

Musafulumire kumanga chitenje kuti mukalalatire aphunzitsi. Yambani mwamvetsa chimene oweruza amayang'ana.

Inu amene munapikisanapo pa chionetsero cha zosoka mukudziwa kuti woweruza amatembenuza nsalu ya patebulo kuti aone kuseri, pakuti ndiko kumadziwika dzanja la wosoka. Wogula nsalu kumsika nanena kuti wasoka yekha amagwidwira pomwepo. Tsamba la pa intaneti nalonso lili ndi kuseri kwake. Limalembedwa ndi zizindikiro zotchedwa HTML, ndipo aliyense wokhala pa kompyuta angathe kuzitsegula ndi kuziwerenga. Ngati ana anangotenga tsamba la munthu wina nasintha dzina ndi maonekedwe, mapazi a mwini wake amatsala kuseriko. Chithunzi nachonso sichivuta kuchilondola kumene chinachokera.

Sindikunena kuti kuphunzira kwa mnzako n'kulakwa, ayi. Tonsefe tinaphunzira kuluka poyang'ana manja a amayi ena. Ngakhale Tim Berners-Lee, Mngelezi amene anayambitsa masamba amenewa mu 1989 akugwira ntchito ku bungwe la CERN pafupi ndi Geneva, sanaumire luso lake, ndipo mu 1993 bungwelo linalola kuti anthu onse aligwiritse ntchito kwaulere. Koma chithunzi, nyimbo ndi nkhani zili ndi eni ake. Kuno kwathu lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limawateteza, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likuyang'anira zimenezi kuyambira 1992. Mwana apemphe chilolezo ndi kutchula mwini wake, apo ayi ajambule yekha ndi foni. Kodi msika wakwanu, chigayo ndi mjigo si zithunzi zokwanira?

Palinso cholakwa china chimene chimachokera kwa ife akuluakulu. Pofuna kuti mwana apambane, timamutuma kwa amalume ake odziwa kompyuta kuti "akangomukonzera pang'ono." Oweruza akamufunsa mwanayo mmene anapangira, angoti kakasi. Pamenepo tidzati aphunzitsi ndi oipa mtima?

Komabe oweruza nawo ndi anthu, amaphonya. N'chifukwa chake mwana wochotsedwa asangodzitsekera m'chipinda. Safunsa anadya phula. Muuzeni abwere ndi pepala la malamulo a mpikisano, muwerengere limodzi. Ngati Chingerezi chake n'chovuta, akumasulireni yekha, ndipo nthawi zina pomasulirapo m'pamene amaona pamene anapunthwa. Kenaka iye ndi anzake alembe kalata yaifupi ndi yaulemu, yodzera kwa mphunzitsi wawo, yofunsa lamulo limene anaphwanya ndi umboni wake. Aphatikizepo makope amene ankalembamo maganizo awo ndi ntchito yoyambirira imene inasungidwa m'kompyuta, pakuti imaonetsa masiku. Kalatayo alembe eni ake, inu musawagwirire cholembera. Mukaona kuti mwana alibe mlandu, valani bwino mumuperekeze kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo musachite mantha kupempha kuti ntchitoyo ionedwenso.

Chimene muyenera kuletsa ndi mwano wa pa Facebook ndi WhatsApp, ndiponso miyala ya pamawindo. Kumbukirani chaka cha 2020 pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa anabedwa. Ana osalakwa anapwetekedwa mtima ndipo ena analowa m'misewu, komabe onse anakhalanso pansi kulemba mu Januwale 2021. Mawu achipongwe amene mwana walemba lero anzake amawajambula ndi kuwasunga, nadzatulukira tsiku limene akufuna malo a ntchito.

Zikapezeka kuti anaberadi, apepese onse pamodzi. Si bwino kuti gulu lonse liunjikire mlandu mwana mmodzi, kawirikawiri uja wofatsa, pamene mphoto akanagawana onse. Tsambalo asalifufute. Achotsemo za eni, aikemo zawozawo, akalionetse kwa mphunzitsi ngakhale mpikisano unatha, ndipo afunsiretu tsiku lotsekera mpikisano wa chaka chamawa.