Ulemu Upite kwa Osoka Ukonde

Kwathu kwa Malenga Chanzi ku Nkhotakota, ukafika kudoko m'mamawa umapeza anthu ataunjikana pamene pakutsitsidwa usipa. Amalonda ochokera ku Kasungu ndi ku Lilongwe amalimbirana ndowa, asodzi amene anagona panyanja akuwerenga ndalama. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo wa mango, amalume anga amakhala atatambalala, chilimira chili pamiyendo, akusoka malo amene anang'ambika usiku. Palibe amawayang'ana, chonsecho aliyense akudziwa kuti bowo losasokedwa lero limadzataya usipa wa mawa. M'nkhani ino ndikufuna kunena kuti makina a intaneti amene tawasungitsa ndalama ndi zinsinsi zathu amafunanso osoka, ndipo ife Amalawi sitinayambe kuwapatsa ulemu ndi ndalama zowayenera.

Poyamba tione kuti chimasokedwacho n'chiyani. Wophunzira akamafunsira malo kuyunivesite kapena ngongole ya sukulu pa intaneti, zimene walemba zimapita ku kompyuta ina yaikulu yotchedwa seva. Panjira uthengawo umadutsa m'makina a anthu ambiri, choncho umayenera kubisidwa. Ambirife tili ana tinkasewera potembenuza maphatikizo a mawu kuti akuluakulu asamve zimene tikukambirana. Kompyuta nazo zimachita chimodzimodzi, kungoti zimagwiritsa ntchito masamu, ndipo uthenga umamasulidwa ndi yekhayo amene ali ndi kiyi. Kaloko kamene kamaoneka pambali pa adiresi ya tsamba kamatanthauza zimenezi. Opanga masamba salemba okha masamu amenewa. Amabwereka mtolo wa mapulogalamu wolembedwa kale, ndipo umodzi mwa mitolo yotchuka kwambiri ndi OpenSSL, umene aliyense amautenga mwaulere.

Pa 7 Epulo 2014 dziko linauzidwa kuti mu OpenSSL muli bowo, limene linapatsidwa dzina loti Heartbleed. Monga wophunzira za zinenero, chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti vutolo linali la malonje. Makompyuta awiri akamalankhulana, imodzi imafunsa inzake ngati ikadalipo poitumizira mawu ndi kutchula kutalika kwake. Ili ngati ikunena kuti, "Ngati ulipo, undibwezere mawu oti usipa, zilembo zisanu." Seva imabweza mawuwo. Tsono wakuba ankatha kunena kuti, "Undibwezere mawu oti usipa, zilembo 500." Seva sinkawerenga kuti ione ngati kutalikako n'koona. Inkabweza mawu oti usipa, kenako n'kudzaza malo otsalawo ndi chilichonse chimene chinali m'mutu mwake panthawiyo: mayina a anthu, mawu awo achinsinsi, ngakhale kiyi ya seva yomweyo. Pafunso limodzi inkatha kuulula zilembo zoposa 60,000, ndipo wakubayo ankatha kufunsa mobwerezabwereza osasiya phazi.

Bowoli linalowa kumapeto kwa chaka cha 2011 ndipo linafalikira kuyambira mu Marichi 2012, kotero linakhala zaka ziwiri kaloko kakuoneka kotseka. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pamene akatswiri a Google ndi a kampani ya Codenomicon ya ku Finland ankalitulukira, maseva pafupifupi theka la miliyoni anali pangozi. Ku Canada, bungwe lotolera misonkho linalengeza kuti nambala za nzika pafupifupi 900 zinabedwa. Mankhwala ake anatuluka tsiku lomwelo la 7 Epulo: OpenSSL ya nambala 1.0.1g, imene inkayamba yawerenga kutalika kwa mawu isanayankhe. Woyang'anira seva anayenera kuchotsa mtolo wakale n'kuika watsopano, kuyambitsanso seva, kusintha makiyi, ndi kuuza anthu kuti asinthe mawu awo achinsinsi. Komabe mu Januwale 2017, patapita zaka pafupifupi zitatu, kafukufuku wa Shodan anapeza makina pafupifupi 200,000 akadali ndi bowo lomwelo. Ulusi ndi singano zinalipo, koma osoka sanakhale pansi.

Chinanso chimene chinadziwika nthawi imeneyo n'chakuti OpenSSL, imene mabanki ndi maboma ankaidalira, inkasamalidwa ndi anthu ochepa kwambiri, ambiri mwa iwo ongodzipereka, ndipo zopereka zinkangokwana madola pafupifupi 2,000 pachaka. Makampani akuluakulu anachita manyazi n'kusonkha ndalama kudzera ku Linux Foundation. Apa ndimaona amalume anga aja: doko lonse likudya thukuta lawo, koma pogawana ndalama amakumbukiridwa pomaliza.

Wina anganene kuti izi ndi za kunja, ife sizikutikhudza. Ine ndikukana. Mu 2017 Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, ndipo mayina, zithunzi ndi zidindo za zala zawo zikusungidwa m'makompyuta. Amayi anga akatumiza usipa wouma ku Lilongwe, ndalama zimabwera pafoni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo. Kusindikiza kunaima kwa milungu ingapo, ndipo amene anavutika ndi odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira, amalonda ndi anyamata ofuna kukagwira ntchito ku Joni. Makina amodzi akagwa, mzere wa ovutika umafika mpaka kumudzi.

Ena amati, "Wakuba angafunenji kwa ife osauka?" Funsoli limaganiza kuti wakuba amasankha munthu ngati wopha nsomba ndi mbedza. Zoona zake n'zakuti amakoka khoka. Amatumiza pulogalamu imene imagogoda pa seva iliyonse padziko, usana ndi usiku, kufunafuna imene sinasokedwe. Khoka silifunsa ngati nsomba ndi ya ku London kapena ya ku Linga. Komanso bowo likangolengezedwa, akuba nawo amawerenga chilengezocho, kotero tsiku lililonse lozengereza ndi mphatso kwa iwo.

Chifukwa cholimba chimene oyang'anira makina amapereka ndi mantha akuti kusintha mtolo kungaononge zina zimene zikuyenda bwino. Mantha amenewa ndi oona. Nthawi zina pulogalamu yakale imakana kugwirizana ndi mtolo watsopano, ntchito n'kuima, ndipo wotukwanidwa amakhala yemwe wakonzayo. Patchuthi china ndinagwira ganyu yolemba mayina mu ofesi ina. Tsiku lililonse kompyuta inkapempha kuti ikonzedwe, ndipo tsiku lililonse abwana ankadina poti "nthawi ina". Nditawafunsa anati, "Mwanawe, chinthu chikamayenda usachigwire. Chikafa adzafunsa ine." Sindikuwanena abwanawo ayi. Ndikunena dongosolo limene limalanga munthu wokonza n'kusiya wozengereza. Msodzi sasoka ukonde uli m'madzi: amadikira masana, kapena tsiku limene mwera waletsa mabwato. Seva nayo ili ndi nthawi yake. Mtolo watsopano umayamba wayesedwa pa kompyuta ina, zosungidwa zimakoperedwa padera, anthu amauzidwiratu, ndipo ntchito imagwiridwa usiku. Kuima kwa ola limodzi lokonzekera sikungafanane ndi kuima kwa mwezi, pakuti zinsinsi zikatuluka zili ngati madzi otayika, sizioleka.

Muzu wa vutoli, m'maganizo mwanga, ndi chikondi chathu pa zinthu zatsopano. Makina akabwera pamakhala nduna, magule ndi kudula riboni. Tsiku limene mnyamata kapena mtsikana wa mu ofesi ya makompyuta wagona kuntchito akusintha OpenSSL palibe mtolankhani, chifukwa chipatso cha ntchito yake n'chakuti palibe chimene chachitika. Tili ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, komanso lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, koma lamulo silisoka ukonde. Walira mvula walira matope: bungwe lililonse logula makina liziikiratu m'bajeti ndalama zowasamalira chaka ndi chaka, lizilemba dzina la munthu amene udindowo ndi wake, ndipo mgwirizano ndi kampani yogulitsa uzinena masiku amene bowo lolengezedwa liyenera kukhala litatsekedwa.

Ife a zinenero tilinso ndi gawo lathu. Bowo lija linali ndi nambala yake ya akatswiri, CVE-2014-0160, imene palibe akanaikumbukira. Anthu anadzidzimuka chifukwa cha dzina lonena za mtima wotaya magazi. Dzina labwino linathamangitsa abwana amene sakanawerenga malipoti. Nanga amayi anga, foni ikawalembera m'Chingerezi kuti ikufuna kukonzedwa, amva chiyani? Amangotseka, poopa kuti itha mayunitsi kapena ndi akuba. Likulu loona za zinenero ku Zomba, limene linatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, pamodzi ndi madipatimenti athu, atha kukhala pansi ndi akatswiri a makompyuta n'kupeza mawu omveka. Mawu monga kusoka, kumata ndi chigamba tili nawo kale, ndipo msodzi aliyense amadziwa kufunika kwake.

Pomaliza, ndikupempha anzanga ophunzira kuti foni kapena kompyuta ikapempha kukonzedwa tisamadine poti "nthawi ina", ndipo tikadzakhala m'maudindo tizidzafunsa kuti seva inasokedwa liti komanso ndani anaisoka. Amalume anga akamaliza kusoka amakweza chilimira m'mwamba moyang'anana ndi dzuwa, n'kuyendetsa maso mzere ndi mzere, chifukwa akudziwa kuti mawa chidzang'ambikanso pena. Makina athu akufunika anthu oleza mtima chomwecho, ndipo anthuwo akuyenera kulipidwa ndi kuthokozedwa ngozi isanagwe.