Nsanja ya njerwa pansi pa Prado

Loweruka lapitali, podutsa pakhomo pa mnansi wanga wina, bambo wolemekezeka amene kumpingo amakhala mpando wa kutsogolo, ndinaona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa Prado, ndipo galimoto yonseyo, imene kulemera kwake kumaposa matani 2, inali itatsamira pa jeki imodzi ndi pa njerwa zowotcha zosanjikizana, zotsala pomanga mpanda. Ndinapereka moni kwa miyendoyo, nayo inayankha mwaulemu kuti zonse zili bwino, akungofufuza pamene pakudontha oilo.

Ana a anthu a ku Babele nawonso anaika mtima wawo pa njerwa zowotcha, ndipo inu nonse mudziwa mmene nsanja yawo inathera. Njerwa imalimba ikakhala m'khoma, pamene katundu wagawikana pa zinzake. Koma chitsulo chikaikanikiza pamalo amodzi, imaphwanyika m'kuphethira kwa diso, osapereka chenjezo, ndipo buloko ya simenti, pokhala ya mphako m'kati, ndiyo yoipitsitsa. Thabwa lochindikala la mtengo wolimba lili ndi ulemu wake, pakuti limayamba lalira lisanagonje.

Nayo jeki anthu amaipatsa udindo umene sinaupemphe. Ntchito yake ndi kukweza basi. Jeki ya mafuta imagwira katundu yense uja ndi kamphira kakang'ono ndi kavalavu, ndipo kamphirako kakatha, galimoto imatsika, nthawi zina pang'onopang'ono, nthawi zina kamodzin'kamodzi. Pomwe ija yobwera ndi galimoto anaipangira kusintha tayala m'mbali mwa msewu, munthu ali kunja. Magalimoto aataliwa ali ndi msampha wawonso: masipuling'i awo ngotalika, kotero kuti mukakweza chasisi tayala limatsalira pansi, ndipo mumakwezabe kufikira jeki itatha msinkhu, galimoto ili pendapenda. Apa m'pamene munthu amayamba kuyang'ana njerwa.

Komatu mwambo wake si wovuta. Munthu wofuna kudzadya nsima yamadzulo ndi ana ake aimike galimoto pamalo osalala ndi olimba, pa simenti ngati ilipo, kapena aike thabwa lalikulu pansi pa jeki ngati pali dothi. Akoke handibuleki, alowetse giya, natsekereze matayala otsala pansi kutsogolo ndi kumbuyo, pokumbukira kuti handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, ndipo iwo akachoka pansi palibenso chogwira. Amasule manati pang'ono tayala lisananyamuke. Aike jeki pa chasisi kapena pa ekiselo, pamalo amene opanga galimoto anasonyeza, osati pa sitepe yokwerera kapena pansi pa injini. Ndipo atakweza, aitsitsire pa zitsulo zochirikizira, zimene amakanika amati masitandi, naigwedeze ndi manja awiri asanalowetse mutu. Tayala lochotsedwalo aligoneke pansi pa chasisi, kuti zina zonse zikalephera pakhale chotsalira pakati pa chitsulo ndi nthiti zake.

Chimene chimandiwawa ine, ndipo ndachinena kawirikawiri, ndi kuumira kwathu pa zinthu zazing'ono titamwaza chuma pa zazikulu. Bambo aitanitsa galimoto ku Japan, ailipirira sitima kufikira ku Dar es Salaam, ailipirira msonkho pa Songwe mosang'ung'udza, aiveka magalasi akuda ndi zokuzira mawu zogwedeza mudzi. Koma mukatchula masitandi awiri, amene mtengo wake sufika pa tayala limodzi la galimoto yomweyo, nkhope ichita tsinya ngati mwawapempha ng'ombe. Walira mvula walira matope, akulu anatero. Wafuna kukhala pamwamba pa anzake pamsewu avomerenso kuti chimene chamukwezacho n'cholemera, ndipo chifuna zitsulo zolembedwa matani oposa kulemera kwake.

Ena adzati buku la galimoto linabwera m'Chijapani, ndiye adziwa bwanji poika jeki? Kodi zithunzi nazonso zili m'Chijapani? Bukulo ligona m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi malisiti akale ndi mankhwala a mutu, losatsegulidwa chifikire, chifukwa mwamuna wa kwathu kuno amayesa kuwerenga malangizo ngati kuvomera pagulu kuti sadziwa. Ndipo kufunsa makanika wa pamsika, amene akanamuonetsa malowo ndi chala popanda kulipira, ndiye manyazi oposa. Achita kudikira kuti mayi apite kumsika ndi ana apite kukasewera, kuti agwire ntchito popanda womuseka, osaganiza kuti amene akanamusekawo ndi omwe akanathamanga kukaitana anthu. Foni nayo aisiya pampando wa dalaivala, pamwamba pa galimoto imene iye wagona kunsi kwake.