TIZINGOPAKA PENTI, KAPENA TIZIDZUTSE?

 Lero si nkhani ya mtengo wa usipa ayi. Werengani mpaka pansi kenako mutumizire ena.

Ku Blantyre kuli mitu iwiri ya sitima zapamtunda zoyendera nthunzi. Wina dzina lake Thistle, uli pa siteshoni ya Limbe. Mnzake Shamrock uli panja pa nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri. Inagwira ntchito pa njanji ya Shire Highlands Railway, imene inafika ku Blantyre mu 1908. Lero anthu amangojambulitsapo zithunzi n'kumapita. Ine maganizo anga ndi akuti umodzi mwa iwiriyi udzutsidwe, upume nthunzi, ulize wezulo. Ndipo oudzutsa akhale achinyamata a konkuno.

Wina afunsa kuti iwe makaniko wa maboti, za njanji zikukukhudza pati? Aise, njanji ndi nyanja ndi pachibale. Njanji itafika ku Salima mu 1935, Chipoka inakhala pokumanirana sitima yapamtunda ndi yapamadzi. Lilongwe amene tikudzitama nayeyu njanji anaiona mochedwa, mu 1979.

Komanso ife a kunyanja nkhani yotereyi tinaionapo kale. Chauncy Maples. Anaipanga ku Glasgow, n'kuibweretsa ili zidutswa zoposa 3,000. Boyila yokha inali yolemera matani 11, ndipo anaikoka pamtunda ndi amuna 450, ndi manja, chifukwa pa mathithi a Shire sitima sidutsa. Anailumikiza kwa Mponda ku Mangochi, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1901. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala cha mishoni ya UMCA. Mu 1967 anaichotsa injini ya nthunzi n'kuikamo ya dizilo. Itatopa inakhala pa Monkey Bay mpaka kusanduka bala. Mu 2009 kunabwera pulani yokoma kwabasi, yoti ikonzedwe ikhale chipatala choyandama cha midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ndalama zinasonkhedwa ku Ulaya, ntchito inayambika. Chipatala chija munachionapo chitakocheza kwanu? Ntchito inaima panjira.

Sindikunyoza amene anapereka, mtima wawo unali wabwino. Koma chinthu chimene ndalama zake, mapulani ake ndi akatswiri ake zonse zikuchokera kutsidya, tsiku limene a kutsidyawo atope, chimagona pomwepo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndiye tiyambe ndi kakang'ono. Mutu wa sitima ngati Shamrock si Ilala ayi. Injini ya nthunzi ilibe kompyuta, ilibe pulagi, ilibe kabuleta. Moto umawiritsa madzi mu boyila, nthunzi imakankha pisitoni, pisitoni imakankha ndodo, ndodo imazunguza mawilo, basi. Iwe amene umamasula Yamaha pamchenga mphepo ya mwera ikuwomba, n'kuibwezera osatsala ndi bawuti m'manja, izi sizingakukanike. Povuta ndi pa boyila, ndipo pamenepo palibe zachibwana. Chitsulo chimene chakhala pamvula zaka zonsezi dzimbiri limachidya mkati, kunja kukuoneka bwinobwino ndi penti. Pamafunika kuyeza kukhuthala kwa chitsulo, kusintha mapaipi a moto, kenako kuyesa ndi madzi ozizira opopedwa mwamphamvu musanayatse ngakhale kachikuni kamodzi. Boyila yowola ikaphulika sifunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Ikapezeka kuti yakale inatheratu, ipangidwe yatsopano, yakaleyo isungidwe pambali anthu aziiona.

Ntchito yotere ndi sukulu payokha: kuwotcherera kwenikweni, kusula, kudula zitsulo pa makina, kuwerenga zojambula. TEVETA ilipo. Koleji ya za panyanja ku Monkey Bay ilipo. Atenge anyamata ndi atsikana, awaike pansi pa madala amene anagwirapo ntchito ku Malawi Railways nthawi ya malasha. Madalawo atsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda pamodzi ndi zonse zimene ankadziwa. Chitsulo chikhoza kudikira zaka 10 zina. Iwo sangadikire.

Ndikudziwa ena muyankha kuti m'zipatala mulibe mankhwala, mafuta akusowa, iwe ukuti sitima ya agogo? Zoona, ndipo sindikunena kuti achotse ndalama ya panado. Sindikunenanso kuti izinyamula fetereza kuchokera ku Nacala, imeneyo ndi ntchito ya dizilo. Ingoyenda pang'ono pokha Loweruka, ana a sukulu ndi alendo azilipira. Makampani amene akudyerera pa njanji yathu aikepo dzanja. Ndipo isadye nkhuni, mapiri tameta kale. Malasha amakumbidwa ku Mchenga ku Rumphi.

Enanso muti ndi za atsamunda. Anagula ndi azungu, inde. Koma anakumba njira ndani? Ankathira malasha pamoto ndani? Anakoka boyila ija ndani? Mayina awo sanalembedwe pena paliponse, chatsala ndi zitsulozi.

Kuno ku Mtsiliza tsiku silipita osaona anyamata ndi wilibala akugula zitsulo zakutha pa kilo. Sikelo yawo sidziwa kuti ichi ndi cha 1901 kapena ndi mbaula yobooka. Amene muli ku Blantyre, pitani ku Chichiri mukajambule Shamrock mbali zonse, pansi pomwe, muponye pagulu pano tione mmene dzimbiri lafikira. A ku Monkey Bay, tiuzeni Chauncy Maples ili bwanji lero. Ndipo amene muli ndi agogo anagwirapo ntchito ku njanji kapena pa sitima za nthunzi, khalani nawo pansi sabata ino, tsegulani foni, ajambuleni mawu.